Mpingo wa anthu 100: mmene akhristu a m'Malawi anasungirana pa nthawi ya mliri

Lamulungu la Kanjedza la chaka cha 2020 linali pa 5 Epulo. Panali patangopita masiku atatu chilengezereni boma kuti anthu atatu apezeka ndi kachilombo ka korona mumzinda wa Lilongwe, oyamba m'dziko muno. Masabata awiri m'mbuyo mwake, pa 20 Malichi, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Peter Mutharika, anali atalengeza kale kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zinatsekedwa, ndipo msonkhano uliwonse wa anthu opitirira 100 unaletsedwa, kaya ndi ukwati, maliro kapena mapemphero.

Munthu amene anapempherapo ku Ndirande, ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Zolozolo akudziwa kuti anthu 100 ndi ochepa bwanji. M'matchalitchi a m'madera amenewa, makwaya okha akaimirira amakwana kale chiwerengerocho, ana a Sande sukulu asanalowe n'komwe. Ndiye sabata yopatulika ija, imene akhristu amadzaza misewu atanyamula kanjedza, imene Lachisanu Loyera khamu limakwera phiri la Michiru potsata Njira ya Mtanda, inafika lamulo litamanga miyendo ya anthu. Akulu a mpingo anaima pakhomo la tchalitchi n'kumawerenga mitu. Ntchito imene anaizolowera inali yolandira anthu ndi kuwalozera pokhala. Tsopano anayenera kuuza mkhristu mnzawo, wovala bwino, Baibulo lili m'manja, kuti malo atha, adikire mapemphero otsatira.

Nkhani ya mliri wa Covid-19 yakambidwa kwambiri kumbali ya zipatala, ya chuma ndi ya ndale. Imene sinakambidwe mokwanira ndi ya mmene mipingo inakhalira osamwazikana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse ndi akhristu. Kwa ambiri a iwo, mpingo si malo ongomverako ulaliki. Ndiko kumene mayi wamasiye amapeza omufolerera nyumba, kumene wodwala amapeza omuphikira phala, kumene banja losauka limapeza bokosi la maliro. Lamulo loletsa kusonkhana linakhudza zonsezi nthawi imodzi.

Zosintha zoyamba zinali zooneka ndi maso. Pakhomo pa tchalitchi panaikidwa ndowa ya mpopi, sopo ali pambali. Mabenchi anatalikitsidwa, ena n'kulembedwa zizindikiro zosonyeza pokhala ndi posakhala. Kupatsana moni wa dzanja kunaleka; anthu anabwerera ku moni wakale woomba m'manja ndi kugwira pamtima, ndipo kunena zoona agogo athu sanaone chachilendo pamenepo. Kwa Akatolika, madzi odalitsidwa a pakhomo anachotsedwa, Ukaristia unayamba kulandiridwa m'manja, ndipo moni wa mtendere unasanduka kungoweramirana. Mipingo imene imamwera chikho chimodzi pa mgonero inayenera kuganiza kawiri. Mapemphero amene ankatenga maola atatu anafupikitsidwa kuti gulu lina lilowe. Abusa ndi ansembe ena ankayamba mmamawa kusanache bwino, n'kulalikira uthenga womwewo kangapo mpaka dzuwa kupendeka, mawu atasasa. Kumidzi, kumene malo si vuto, ambiri anangotulutsa mabenchi n'kukapempherera pansi pa mitengo.

Koma funso lenileni linali lakuti: anthu 100 olowa m'mapemphero oyamba akhale ati, a m'mapemphero achiwiri ati? Apa ndipo panaoneka mipingo imene inkadziwa anthu ake ndi imene inkangodziwa unyinji wawo.

Mpingo wa pakhomo

Mipingo yakale ya m'dziko muno inali ndi chida chimene inachisula kalekale, mliri usanaganiziridwe. Akatolika ali ndi miphakati, imene kummwera ambiri amati malimana. A CCAP ali ndi milaga ndi madera, lililonse lili ndi mkulu wa mpingo ndi mtumiki wake. Timagulu timeneti ndi ta mabanja oyandikana nyumba, amene amakumana pakati pa sabata pakhomo pa mmodzi wa iwo, kuwerenga mawu, kupemphera ndi kumva za amene wadwala kapena waferedwa. Lamulo la anthu 100 litabwera, mipingo yotere sinavutike kugawa anthu: milaga yakuti ibwere mmawa, yakuti ibwere masana, miphakati yakuti sabata ino, inayo sabata yamawa. Uthenga unkachoka kwa abusa kupita kwa akulu a madera, kuchoka apo n'kufika khomo ndi khomo, ngakhale kwa nkhalamba yopanda foni.

Mbiri ya miphakati ndi yofunika kuikumbukira pano. M'chaka cha 1973, maepiskopi Achikatolika a maiko a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana ku Nairobi kuti moyo wa mpingo uzikhazikika pa timagulu ting'onoting'ono ta akhristu okhala moyandikana. Kuno kwathu amene anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri anali Ambuye Patrick Kalilombe, episkopi wa dayosizi ya Lilongwe, amene anachititsa sinodi ya dayosiziyo kuyambira 1973 mpaka 1975 pa mutu wakuti Mpingo Ndife Tonse. Ganizo lake linali lakuti akhristu eni ake asamangodikira wansembe, amene kunthambi zakutali ankafikako mwa apo ndi apo, koma azitsogolera okha mapemphero, kuphunzitsa ana ndi kusamalira ovutika. Boma la nthawi imeneyo silinakondwe ndi timagulu ta anthu tokumana m'midzi kunja kwa chipani, ndipo Kalilombe anamaliza n'kuchoka m'dziko muno. Patapita zaka zoposa 40, chimene iye anavutikira ndicho chinagwira mpingo pamene zitseko za matchalitchi zinali zotseka theka.

Ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mpingo umene moyo wake wonse unali pa guwa, pa mlaliki mmodzi wotchuka, pa zokuzira mawu ndi khamu la Lamulungu, unapezeka wamanja lende khamulo litaletsedwa. Ena mwa anthu ake anangosowa, popanda wodziwa kumene amakhala. Mpingo umene unali ndi munthu wodziwa kuti kuseri kwa chigayo kuli gogo wodwala shuga, ndipo kumunsi kwa mjigo kuli mayi woyembekezera amene mwamuna wake watsekeredwa ku Joni, umenewo sunataye anthu ake.

Amayi ndiwo ananyamula katundu wolemera. A Mvano ku sinodi ya Blantyre, a Chigwirizano ku Nkhoma, a Umanyano ku Livingstonia, a Dorika ku Seventh-day Adventist, a Mothers' Union ku Anglican, amayi Achikatolika m'mabungwe awo, onsewa ntchito yoyendera odwala anaidziwa kale. Anaiphunzira movutika m'zaka za Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma m'chaka cha 2004, pamene odwala ankabwezedwa kunyumba kuti akasamalidwe ndi abale. Nthawi imeneyo kusamala wodwala kunali kumusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala. Mliri watsopanowu unawauza zosiyana: musalowe m'nyumba, musamugwire. Anapeza njira zina. Ndiwo ndi ufa zinkasiyidwa pakhonde. Pemphero linkachitikira pabwalo, wodwala ali pawindo. Amene anali ndi makina osokera anasoka masiki a nsalu za zitenje, ena ogulitsa kuti thumba la bungwe lisaume, ena ogawira okalamba.

Wailesi, foni ndi amene anatsalira

Mumzinda, mipingo ina inayamba kuulutsa mapemphero pa Facebook ndi pa YouTube. Achinyamata amene kale ankadzudzulidwa chifukwa choseweretsa foni m'tchalitchi ndiwo anasanduka akatswiri ofunidwa, ataimika foni pa kamtengo kutsogolo kwa guwa. Magulu a WhatsApp anachuluka: la mlaga, la kwaya, la amayi, la akulu a mpingo. M'menemo munkayenda ndime ya tsiku, mapemphero ojambulidwa mawu, zidziwitso za maliro ndi maina a odwala ofunika kuwapempherera. Amalawi okhala ku Johannesburg, amene dziko la South Africa linawatsekera m'nyumba kuyambira pa 27 Malichi 2020, ndi ena a ku London ndi Manchester, anapezeka akupemphera limodzi ndi mpingo wa kwawo umene anausiya zaka zambiri zapitazo. Kwa iwo chinali chitonthozo chachikulu, ndipo ena sanasiye mpaka lero.

Koma tisadzinamize. Anthu oposa 80 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo pa nthawiyo ogwiritsa ntchito intaneti sankakwana mmodzi mwa asanu. Kuonera mapemphero a ola lathunthu pa foni kumadya bandulo imene mtengo wake banja lina likanagulira ndiwo za masiku angapo. Onjezani kuzimazima kwa magetsi. Chimene chinafikadi kwa anthu ambiri ndi wailesi. Radio Maria ya ku Mangochi, Radio Alinafe ya ku Lilongwe, Radio Tigabane ya ku Mzuzu, Tuntufye ya ku Karonga, Trans World Radio, mawailesi a masinodi a CCAP, ya Adventist, komanso wailesi ya kanema ya Luntha ku Balaka, zinasanduka maguwa a anthu otsalira pakhomo. Banja linkakhala pamphasa mozungulira kawailesi ka mabatire, nyimbo ikayamba onse n'kuimba nawo, pemphero likafika onse n'kuweramitsa mitu.

Chimene chinandikhudza mtima pa nyengo imeneyi n'chakuti malangizo a zaumoyo, amene anali olondola, ankati okalamba ndi odwala matenda a mgonagona asapite kosonkhana. Koma okalamba omwewo ndiwo sakhala ndi foni zamakono, ndiwonso amene Lamulungu ndi tsiku lokhalo limene amatuluka n'kukaonana ndi anzawo. Gogo amene wakhala pa benchi yomweyo zaka 50 anauzidwa kuti akhale kunyumba pofuna kuteteza moyo wake. Kumene kunalibe mkulu wa mpingo kapena katekisiti womuyendera, gogoyo anakhala miyezi osamva munthu akumutchula dzina m'pemphero. Ana nawo anataya zambiri: Sande sukulu, Tilitonse ndi makalasi a chikhulupiriro zinaima m'malo ambiri, ndipo nthawi yomweyo sukulu zinali zotseka kwa miyezi yoposa isanu.

Za ndalama n'zosachita kufunsa. Anthu akachepa, mbale ya chopereka imapepuka. Mipingo ya m'tauni inayamba kulengeza manambala a Airtel Money ndi TNM Mpamba kuti chakhumi ndi chopereka zizitumizidwa pa foni. Kumudzi atumiki ankayenda m'makomo kutolera chimene chilipo, nthawi zina chimanga kapena mtedza. Abusa a mipingo ing'onoing'ono, amene chakudya chawo chimachokera m'mbale ya Lamulungu, anaona zowawa zimene ambiri sanazinene poyera. Ndipo nthawi imene thumba la mpingo linkaphwa ndi yomweyo imene ogogoda pakhomo pa abusa kupempha thandizo anachuluka, ntchito zitatha m'mahotela, m'masukulu a eni ndi m'malo ena.

Mkangano wa mu Ogasiti

Ubale wa mipingo ndi boma sunali wosalala. Mu Epulo 2020 boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, koma mavenda anachita zionetsero, ndipo bwalo lalikulu la milandu linapereka chiletso pa 17 Epulo bungwe la Human Rights Defenders Coalition litakadandaula kuti anthu osauka adzafa ndi njala. Kenako inabwera kampeni ya chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni. Akhristu amene Lamulungu ankawerengedwa pakhomo la tchalitchi ngati mbuzi zolowa m'khola ankaona anthu zikwizikwi atathithikana pa misonkhano ya ndale, mbali zonse ziwiri, popanda wowaletsa. Zimenezi zinawononga chikhulupiriro cha anthu pa malamulo a mliri kuposa mphekesera ina iliyonse. Ambiri anayamba kunena kuti matendawa ndi a anthu olemera okwera ndege, ena n'kumati kulibe n'komwe.

Amene anapambana chisankhocho, Lazarus Chakwera, anali m'busa amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013. Mu Julayi anapempha dziko lonse kuti lisale kudya ndi kupemphera masiku atatu. Ndiye mipingo inadabwa kwambiri pamene kumayambiriro kwa Ogasiti boma lake linatulutsa malamulo otsitsa chiwerengero cha osonkhana kufika pa anthu 10, kupatula pa maliro pamene analola 50. Anthu 10 ndiye kuti tchalitchi chatsekedwa. Maepiskopi Achikatolika, kudzera m'bungwe lawo la Episcopal Conference of Malawi, anadandaula poyera kuti sanafunsidwe maganizo, komabe anauza akhristu awo kuti amvere lamulo pamene iwo akukambirana ndi boma. Atsogoleri a mipingo ina analankhula mwaukali kuposa apo. Patangopita masiku ochepa, boma linabweza chiwerengero cha opemphera pa 100.

Ndani anali wolondola? Boma linali ndi chifukwa: mwezi wa Julayi odwala anakwera kwambiri, ndipo kuimba pamodzi m'nyumba yotseka mawindo ndi njira imodzi imene kachilomboka kamafalira mosavuta. Koma mipingo nayo inali ndi mfundo yomveka. Inali itagula ndowa ndi sopo, itagawa anthu ake, itafupikitsa mapemphero, pamene misika ndi maminibasi zinali zodzaza monga mwa masiku onse. Komanso mipingo si alendo pa nkhani za umoyo. Zipatala za mishoni za m'bungwe la Christian Health Association of Malawi, monga Nkhoma, Mulanje Mission, Malamulo, St Luke's ku Malosa, Ekwendeni, Likuni ndi St Gabriel's ku Namitete, zimanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Kupanga lamulo lokhudza mipingo osakhala nayo pansi kunali kutaya bwenzi limene likanathandiza kufikitsa uthenga kumene boma silifika.

Januwale wa maliro

Chakumapeto kwa 2020 zinthu zinaoneka ngati zapola. Masiki analowa m'matumba, ndowa zina zinauma, Khirisimasi inadyedwa mwa nthawi zonse. Kenako unafika Januwale wa 2021. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Zipatala zinadzaza, mpweya wa okosijeni unasowa, bwalo la zamasewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasandutsidwa zipatala zapadera. Osonkhana anatsitsidwa kufika pa 50, ndipo kuyenda usiku kunaletsedwa. Pa 31 Januwale anamwalira Wambali Mkandawire, woimba amene nyimbo zake zinalera chikhulupiriro cha anthu ambiri. Mipingo inataya abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a kwaya. Magulu a WhatsApp aja, amene poyamba ankanyamula ndime za chilimbikitso, anadzaza ndi mauthenga a zovuta, wina usanazizire wina wafika.

Apa ndi pamene mpingo unalasidwa pamtima penipeni, chifukwa kwathu kuno maliro n'kulirana. Mwambo wake tonse timaudziwa. Uthenga ukamveka, amayi amafika ndi nkhuni ndi ufa, abambo amakoleza moto panja, kwaya imagona pa siwa ikuimba mpaka mbandakucha. Amayi a bungwe, atavala zoyera zawo, amakhala mozungulira bokosi la mnzawo n'kumuperekeza ndi nyimbo mpaka kumanda. Adzukulu amakumba, anthu amaona nkhope, chipepeso chimalengezedwa, nkhata zimaikidwa. Zonsezi si zokongoletsa chabe. Ndi mmene mudzi ndi mpingo zimauzira wamasiye kuti sali yekha.

Munthu akamwalira ndi Covid-19, zambiri mwa izi zinkaletsedwa. Thupi linkachoka kuchipatala litakulungidwa, osalowa m'nyumba, osagona pa siwa, osalowa m'tchalitchi. Azaumoyo ovala zodzitetezera thupi lonse ndiwo ankatsitsira bokosi m'manda, abale ataima patali. M'busa ankapemphera mawu ochepa pakamwa patatsekedwa ndi masiki, mwambo n'kutha. Mayi amene kwa zaka 30 sanaphonye maliro a mnzake aliyense wa m'bungwe anaikidwa popanda nyimbo ya anzakewo. Amuna kapena akazi a omwalira nthawi zambiri ankakhala nawonso akudwala kapena ali m'bindikiro, choncho ngakhale owapepesa sankatha kulowa m'nyumba.

Mipingo inayesa zimene ikanatha. Chipepeso chinayamba kuyenda pa foni. Ena ankaimbira foni oferedwa madzulo alionse mosinthana, kuti pasapite tsiku osamva mawu a mkhristu mnzawo. Makwaya ena ankajambula nyimbo n'kutumiza. Ana a omwalira amene anali kunja kwa dziko ankaonera mwambo wa kumanda pa foni ya mbale wawo. Zinthu zitayamba kupepuka, mabanja ambiri anachititsa mapemphero a chikumbutso kapena kudikira tsiku loika chiliza kuti alire maliro amene sanalire. Sindikukhulupirira kuti zimenezi zinatseka dzenje lonse. Pali anthu pakati pathu amene chisoni chawo chinaima pa Januwale ameneyo, ndipo mipingo ingachite bwino kuwafunafuna ngakhale tsopano.

Panalinso zochititsa manyazi. Mabanja ena amene anadwala anasalidwa, anthu n'kumalambalala pakhomo pawo ngakhale atachira. Ena ankabisa matenda poopa kuti akamwalira saikidwa mwaulemu, ndipo pochedwa kupita kuchipatala anataya moyo. M'madera ena anthu analimbana ndi azaumoyo pofuna kulanda thupi la mbale wawo. Mipingo imene inachita bwino ndi imene abusa ake, atadwala n'kuchira, anaima pa guwa n'kunena poyera kuti matendawa ndinadwala ine, ndi enieni, ndipo kuchipatala anandithandiza. Umboni wotere unkatsegula makutu amene chidziwitso cha pa wailesi sichikanawatsegula.

Nkhani ya katemera inagawa akhristu koposa. Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021 kudzera m'ndondomeko ya COVAX, ndipo Chakwera anabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi. Koma mphekesera zinali zitafika kale, ndipo zinayenda m'magulu a WhatsApp a mipingo omwe aja. Ena ankati katemerayu ndi chizindikiro cha chilombo, 666; ena ankati amatseka kubereka; ena ankati obayitsa onse adzafa pakatha zaka ziwiri. Alaliki ena anazikometsera ndi mawu a m'Baibulo. Mu Meyi 2021 dziko lino linatentha katemera 19,610 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, ngakhale kuti mbali ina chimene chinachititsa n'chakuti anafika atatsala pang'ono kutha nthawi yake. Atsogoleri ambiri a mipingo ikuluikulu anapinda malaya n'kubayitsa anthu akuona, ndipo matchalitchi ena analola azaumoyo kudzabaya anthu pabwalo mapemphero akatha. Njira imene inanyamula chitonthozo ndi yomweyo imene inanyamula bodza, ndipo kusiyana kwake kunali pa mtsogoleri: kodi ali ndi mtima wodzudzula uthenga wabodza wotumizidwa ndi mkulu wa mpingo mnzake, kapena angokhala chete poopa kukhumudwitsa anthu? Pomwe mliriwu unkazirala, Amalawi oposa 2,600 anali atalembedwa kuti amwalira nawo.

Kenako kolera

Anthu asanapume bwino, mu Malichi 2022 kolera inabuka ku Machinga, pambuyo pa namondwe wa Ana amene anagumula zimbudzi ndi kuipitsa madzi akumwa. Mosiyana ndi zaka zina, sinathe ndi dzinja. Inafalikira m'maboma onse, inadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, kukhala mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mu Febuluwale boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona ku Lilongwe.

Kolera sinatseke matchalitchi, chifukwa siyenda mu mpweya. Imayenda m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa, ndipo imatha kupha munthu m'maola ochepa pomutha madzi m'thupi. Choncho inafunsa mpingo mafunso ena. Pa maliro, kodi thupi lisambitsidwe ndi abale monga mwa mwambo? Kodi nsima iphikidwe ya khamu lonse, anthu n'kusamba m'manja m'beseni limodzi loyenda kuchokera kwa akulu mpaka kwa ana? Ndowa za mpopi zija, zimene zinali zitaponyedwa m'zipinda zosungiramo katundu, zinatulutsidwanso. Milaga ndi miphakati inanyamula uthenga wa kuthira klorini m'madzi, kumwetsa wodwala madzi a mchere ndi shuga ndi kuthamangira naye kuchipatala osadikira kuti kuche. Panali timipingo tina timene chiphunzitso chake chimakana mankhwala, ndipo anthu ake ena, kuphatikizapo ana, anamwalira ndi matenda amene madzi a m'diripi akanawachiza. Pa ichi sipafunika kuzungulira: mwana sanasankhe chiphunzitsocho, ndipo mtsogoleri womuletsa chipatala ali ndi mlandu.

Mosiyana ndi korona, amene anthu ankati ndi wa olemera, kolera inagwira kwambiri osauka: a m'mphepete mwa nyanja, a m'makomboni opanda mipopi, otunga madzi m'zitsime zosatetezedwa. Ndipo pamene namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, mliri uli mkati, matchalitchi ndi sukulu ndiwo anasanduka misasa ya anthu othawa madzi ndi matope.

Apa pali ntchito imene sinagwiridwe. Mipingo yambiri ili kalikiliki kusonkha ndalama zomangira matchalitchi akuluakulu, a matailosi ndi magalasi, koma kuseri kwake kuli chimbudzi chimodzi chokumba, chopanda chivundikiro, chopanda madzi osamba m'manja, cha anthu mazanamazana. Misonkhano ikuluikulu ya amayi, ya achinyamata ndi ya misasa imasonkhanitsa anthu ochuluka kwa masiku angapo, akugona m'makalasi a sukulu, akuphika pamodzi, madzi akutunga kumene angawapeze. Komiti yokonza msonkhano imakhala ndi wa zokongoletsa, wa zokuzira mawu, wa mphatso za alendo olemekezeka, koma kawirikawiri simukhala munthu woona za madzi ndi zimbudzi, ngakhale kuti pafupifupi mumpingo uliwonse muli namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene akanagwira ntchitoyi atangopemphedwa. Ndiponso ndi madera ochepa amene analemba m'kaundula maina a okalamba, olumala ndi odwala a mgonagona, ndi dzina la mkhristu woyandikana nawo amene angawayendere ngati kusonkhana kutaletsedwanso. Zimenezi sizifuna thandizo lochokera kunja kapena chilolezo cha boma. Bwalo la akulu a mpingo kapena khonsolo ya parishi ingathe kuzikambirana pa msonkhano wake wotsatira.